Nyumba ya Zipinda Ziwiri

Kalata yodzudzula Apapa anailemba ndi Ndekha, ndi zala zake zomwe, pa tebulo lodyera la kwawo. Sikuti mawuwo anali ake. Mawu anali a bambo ake, amene ankayendayenda kumbuyo kwake manja ali kumsana. Iye yake inali kungotayipa, poti m'gulu lonse la Misa ya Chilatini wokhala ndi laputopu anali iye yekha.

Dzina loti Ndekha analitola ali mwana. Alendo akamufunsa kuti kwanu mulipo angati, ankayankha kuti ndekha, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka lero ali ndi zaka 29.

Bambo akewo anthu ankawatcha a Tcheya, chifukwa ndi amene ankatsogolera kagulu ka anthu ngati makumi atatu a pa parishipo, olandira Ukaristia atagwada, azimayi atafunda kumutu. Kaguluka kankakhulupirira kuti Mpingo unayamba kutsetsereka tsiku limene wansembe anasiya kuyang'ana guwa n'kutembenukira anthu. Ndiye kunabwera kalata ya Apapa yonena za mabanja. Monga a Tcheya ankaimvera, kalatayo inkatsegula khomo lakuseri kuti munthu amene ukwati wake wa kutchalitchi unatha, nakwatiranso kwina, athe kulandira Ukaristia wansembe akaunika nkhani yake payokha. Chiwerengereni kalatayo, a Tcheya anaonda. Ankadya ngati akumwa mankhwala, ndipo anatsimikiza mtima kuti gulu lawo lilembere Ambuye Episkopi, aliyense asayine.

"Lemba kuti ukwati si malaya oti akathina munthu n'kuvula," anatero. "Lemba kuti wokwatira munthu amene mnzake wapaguwa akadali moyo, asayandikire tebulo la Ambuye."

Ndekha analemba. Sanalakwitse ngakhale chilembo chimodzi.

Pampando wapakona panakhala mnyamata amene anthu ankamutcha Kadinala. Ameneyu anachoka ku seminale kutatsala zaka ziwiri kuti adzozedwe, ndipo anabwerako ndi Chilatini chodzadza matumba onse koma wopanda kolala. Ankati wabwera kudzakonza chiganizo chikapindika, koma maso ake ankakonza kwambiri khosi la Ndekha kuposa kalatayo. A Tcheya ankamukonda ngati mwana wamwamuna amene sanabereke, ndipo sankabisa kuti atakhala mkamwini wawo akanagona tulo tabwino.

Foni inanjenjemera pamiyendo pa Ndekha. Anaitembenuza pansi pa tebulo. Uthenga unali wochokera kwa Wamagetsi: "Nyumba ija yapezeka. Mawa ukaweruka ubwere udzaione."

Anaivundikiranso n'kupitiriza kutayipa chiganizo chimene chinkamutsekera iye mwini pakhomo.

Wamagetsi anakumana naye zaka ziwiri zapitazo, m'holo ya parishi, tsiku limene munthuyo anabwera kudzasintha mawaya n'kusowa womugwirira makwerero. Ndekha anagwira makwererowo kwa theka la ola, akulankhula ndi nsapato zake, ndipo pamene ankatsika n'kuti nkhani itatha kale. Vuto linali limodzi, koma lalikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Wamagetsi anamangitsa ukwati paguwa ali ndi zaka 24. Mkazi uja anachoka patatha zaka zitatu, ndipo tsopano anali ndi ana anayi kwa mwamuna wina, kutali. Wamagetsi anakatula nkhaniyo ku khothi la Mpingo, kupempha kuti aone ngati ukwatiwo unali ndi chilema kuyambira pachiyambi. Anadikira zaka zitatu. Masabata awiri apitawo yankho linabwera: ukwati unamangidwa bwino, ndipo udakalipo.

Anamuwerengera yankholo ataima pamalo odikirira basi. Ndekha sanalire. Anangofunsa ngati basi imene inkabwerayo inali yawo. Kuyambira tsiku limenelo ankasamba, ankadya, ankapita kuntchito, ankayankha moni, koma mtima wake unachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Kalata itatha, a Tcheya anasowa magalasi awo oti aiwerengere. Anapita pachitseko cha chipinda cha akazi awo n'kugogoda.

"Odi."

"Lowani," anayankha amayi mkatimo.

Kadinala anapukusa mutu mosirira, n'kuyamba ulaliki waufupi wonena za ulemu wa m'banja lachikhristu, umene masiku ano unasowa. Ndekha anatseka laputopu. Chikulire chake, bambo ake ankagona chipinda cha kumanzere, mayi ake cha kumanja, ndipo chifukwa chake aliyense ankachidziwa: mkonono wa a Tcheya unkamveka mpaka kumsewu.

*

Nyumbayo inali kumapeto kwa kamsewu kafumbi, yopanda katundu, ikununkha penti. Wamagetsi anamuyendetsa monsemo ngati munthu wogulitsa malonda. Anamuonetsa pabalaza, khitchini, mpopi umene unkadontha koma iye akanaukonza. Anayesa maswichi onse kawirikawiri, anaima n'kudandaula za amene anaika mawaya padenga, kenako anakumbukira kuti sanabwerere zimenezo.

Kumapeto kwa kakhonde kamkati kunali zitseko ziwiri zoyang'anizana. Anatsegula cha kumanja.

"Ichi chathu," anatero. Anatsegula cha kumanzere, chokhala ndi windo loyang'ana kum'mawa. "Ichi cha ana. Dzuwa liziwadzutsa, tisamavutike."

Ndekha anasuzumira. Munali chidebe cha penti chouma ndi tsache lothothoka. Anati n'chabwino.

Atakhala pa mawindo a pabalaza, poti mipando munalibe, Wamagetsi anafotokoza zimene anakambirana ndi Bambo Mfumu a parishi. Wansembeyo sanamunamize. Anati paguwa sangawadalitse, chifukwa khothi lalankhula, ndipo akafuna kutengana akalembetse ku boma. Koma anawonjezera kuti asathawe tchalitchi, azibwera kwa iye awiriwo, aziyenda nawo pang'onopang'ono, chifukwa kalata ya Apapa imati nkhani ya munthu aliyense ioneke payokha, ndipo mwina tsiku lina adzatha kulandiranso. Wamagetsi ankanena mawu oti mwina aja mosamala, ngati wanyamula babu latsopano pakati pa anthu ambiri.

Ndekha anamuuza kuti dzulo lake anatayipa masamba anayi otsutsa mwina ameneyo. Wamagetsi anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope yake, kuseka kuja kunathera panjira.

"Ukundifunabe kodi?" anafunsa. "Masiku ano ndikamalankhula nawe ndimakhala ngati ndikuimba foni yozima."

"Ndimakukondani," anatero Ndekha. "Ndikudziwa zimenezo monga ndimadziwira tsiku limene ndinabadwa. Kungoti sindikumva chilichonse. Ngakhale mantha sindikumva."

Wamagetsi anamugwira dzanja. Anati dzanzi limatha, asadandaule, iye anakhala nalo chaka chathunthu mkazi uja atachoka. Anati akapita yekha kwa a Tcheya, monga mwamuna, ndipo chilichonse chimene chifunike kuti asamutaye, achita. Ndekha anamva mawu amenewa, koma sanawalabadire. Amuna akamafuna mkazi amalonjeza zambiri.

Potuluka, Wamagetsi akukiya chitseko ndi dzanja limodzi, linalo litagwira la Ndekha, Ndekha anaona munthu tsidya la msewu, ataima pafupi ndi kagolosale, akunamizira kuwerenga chikwangwani. Malaya oyera omanga mpaka pakhosi aja sakanasokonekera ndi a wina. Kadinala anakweza foni. Ndekha anamuyang'ana mpaka anamaliza kujambula, ndipo dzanja lake sanalichotse pamene linali.

*

Lamulungu limenelo Misa inali yachizolowezi, chifukwa ya Chilatini inkachitika kamodzi pamwezi. A Tcheya anakhala benchi lawo lachitatu, nsagwada zitalimba, akupirira gitala ya akwaya ngati munthu wopirira dzino. Nthawi yolandira itakwana, ananyamuka, amayi pambuyo pawo, Ndekha pambuyo pa amayi, monga zinkakhalira chiyambire pamene iye analandira koyamba.

Potuluka m'benchimo anadutsa mayi wina wogulitsa nsalu, amene anakwatiwa ndi mwamuna wosiyidwa zaka zambiri zapitazo. Mayiyo anapatutsa mawondo kuti anthu adutse, maso ali pa buku la nyimbo. Ankachita zimenezi Lamulungu lililonse, mwaluso, osakhudza aliyense. Ndekha anali asanawayang'anitsitsepo mawondo amenewo. Tsiku limenelo anawayang'ana ngati munthu woona diresi limene adzavale.

Pamzere wina anaona Wamagetsi, manja atapinda. Iye ankalandirabe, popeza kusiyidwa si tchimo. Chimene chikanawakhazika pansi onse awiri chinali kutengana. Kutsogolo, a Tcheya anagwada pasimenti, natseka maso, nkhope yawo n'kufewa ngati ya khanda. Ndekha ankadziwa kuti bambo ake akhoza kupirira njala, matenda, ngakhale manyazi, koma kuona mwana wawo mmodzi yekhayo akupatutsa mawondo kukanawapha akuyenda.

Misa itatha, Kadinala anamupeza kuseri kwa holo. Anayamba ndi zanyengo, anadutsa pa ulaliki umene anati unali wamadzimadzi, kenako anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi. Anati mtima ukumupweteka, chifukwa moyo wa munthu ndi umodzi ndipo moto wa kugehena suzima ngati magetsi. Anati iye si wolemera, koma khadi lake la ubatizo ndi loyera, kumbuyo kwake sikunalembedwe dzina la mkazi aliyense. Kufunsira kotereku Ndekha anali asanakumvepo, ndipo tsiku lina lililonse akanaseka mpaka misozi. Kadinala anamaliza ndi kunena kuti chithunzicho chikhoza kufufutika, Ndekha atamulola kuti azibwera kunyumba osati chifukwa cha kalata yokha.

"Tumizani," anatero Ndekha.

Kadinala anaphethira. Anali atakonzekera misozi, kapena kutukwanidwa, koma osati zimenezi.

"Tumizani kwa bambo. Mundipeputsa."

Anamusiya ataima pamenepo, chala chili m'mwamba mwa foni, ndipo sanacheuke.

*

Chithunzicho chinafika ali pa tebulo masana omwewo. A Tcheya anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, anaika foni pambali pa mbale, n'kuika supuni pambali pa foni. Ndekha anadikira mkuntho. Anali atauganizira kwa zaka ziwiri, mawu ake onse ankawadziwa pamtima.

Mkunthowo sunabwere. Anamufunsa ngati munthuyo ndi uja wa mawaya, uja mkazi wake anachoka. Anavomera. Anafunsa ngati mkaziyo anamwalira. Anati ayi. Anafunsa za khothi la Mpingo. Anati linakana. Anafunsa ngati pamene ankatayipa kalata ija n'kuti zonsezi akuzidziwa, ndipo atavomera, a Tcheya anavula magalasi n'kutikita m'maso.

Kenako anachita chinthu chimene Ndekha sanachimvetse. Anayang'ana akazi awo. Sikunali kuyang'ana kwa munthu wofuna womuthandiza kukalipa, kunali kwa munthu wopempha chilolezo. Amayi sanadzutse mutu. Anapitiriza kusonkhanitsa nyenyeswa ndi chala m'mphepete mwa mbale yawo.

"Umuuze abwere Loweruka masana," anatero a Tcheya. "Abwere yekha."

Ndekha analemba uthengawo ali m'chipinda chake. Yankho linabwera asanaike foni pansi: "Ndibwera. Akwiya kwambiri?" Analemba kuti ayi, ndipo n'chimene chikumudabwitsa. Wamagetsi anatumiza timanja topemphera titatu, kenako anafunsa ngati avale tayi. Patapita kanthawi kunabwera uthenga wina, wa Kadinala, wautali, woyamba ndi kupepesa n'kuthera m'Chilatini. Umenewo sanauwerenge mpaka kumapeto.

Sabata imeneyo m'nyumbamo munali bata lachilendo. A Tcheya anasiya kukamba za Apapa. Kalata ya kwa Episkopi inakhala pamwamba pa kabati, mayina osayina atafika makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, ndipo palibe amene anaitumiza.

*

Wamagetsi anafika atavala tayi, yomangidwa mokhota, nsapato zikuwala. Asanakhale pansi n'komwe, pakhomo panamveka odi wina. Anali Kadinala, atanyamula pepala la mayina awiri otsala, nkhope ili ngati ya munthu wobwera kudzaonerera mpira. A Tcheya analandira pepalalo ali pakhomo pomwepo, anathokoza, n'kumuuza kuti lero pali nkhani ya pabanja. Anatseka chitseko mwaulemu, koma anatseka.

Kenako anatsekanso cha pabalaza, iwo ndi mlendo wawo ali mkati.

Ndekha anaima m'kakhonde, osadziwa kolowera, mpaka mayi ake anamukoka dzanja kulowa naye m'chipinda chawo. Chipindachi ankachidziwa ngati chikhatho chake: bedi laling'ono, makina osokera pawindo, kolona wopachika pamsomali, fungo la sopo. Amayi anamukhazika pabedi, iwo nakhala pampando wa makina. Anatenga kansalu, anakapinda, anakapindulanso.

"Bedi limeneli waliona zaka zonsezi," anatero. "Sunadzifunsepo kuti n'chifukwa chiyani ndi la munthu mmodzi?"

Ndekha anatchula za mkonono.

"Mkonono ali nawo," anatero amayi. "Koma ndinagona nawo zaka zinayi mkonono womwewo, ndipo sunandiphe."

Nkhaniyo anaikamba mosathamanga, maso ali pa kansalu kaja, ngati akufotokoza njira yopita kumsika. Ali ndi zaka 19 anakwatiwa paguwa ndi mwamuna wina, kwawo, kutali ndi kuno. Mwamunayo anali wamanja opepuka. Atawathyola dzino lachiwiri, anathawa ndi chikwama chimodzi. Kuno anakumana ndi bambo ake a Ndekha, amene nthawi imeneyo sanali tcheya wa chilichonse, anali mnyamata woseka, wodziwa kuvina. Anatengana, analembetsa ku boma, Ndekha anabadwa. Zaka zinayi ankakhala benchi lakumbuyo, akupatutsa mawondo.

Amayiwo akanatha kukhala choncho mpaka kufa. Koma bambo ake zinkawadya. Ankabwera ku Misa n'kusadya tsiku lonse. Kenako anadwala chifuwa chachikulu, anatsala pang'ono kupita, ndipo anachita mantha kufa asanalandire. Atachira anapita kwa wansembe wokalamba amene analipo nthawi imeneyo. Wansembeyo anawauza njira ziwiri zimene zinalipo. Yoyamba, asiyane. Yachiwiri, chifukwa cha mwana, akhale nyumba imodzi koma ngati munthu ndi mlongo wake, osagonanso pamodzi malinga ngati mwamuna woyamba uja ali moyo. Akatero, akhoza kulandira.

"Unali ndi zaka zitatu," anatero amayi. "Tinagula bedi ili Lolemba lake."

Ndekha anawerengera mumtima. Zaka 26. Anafunsa za mwamuna woyambayo.

"Ali moyo. Ndikumva kuti wanenepa."

Anaseka pang'ono amayiwo, kuseka kouma. Anati Ndekha asaganize kuti bambo ake ndi munthu woipa. Sanayang'anepo mkazi wina. Akadwala amayi, amakhala pakhomo la chipinda mpaka achire. Kugogoda kuja si ulemu wa zoonetsa alendo, ndi mmene munthuyo amadziletsera, chifukwa zaka zoyambirira ankaima kuseri kwa chitsekocho akulira, iwo akumva. Ndipo tsopano, tsitsi litayera, kwabwera kalata yonena kuti mwina panali njira ina.

"Ukuganiza kuti akudana ndi Apapa? Akuopa. Ngati kalatayo ikunena zoona, ndiye zaka zonsezi tinazitayira chiyani? Azichimwene ako ndi azichemwali ako amene sanabadwe, tinawasiyira chiyani? Munthu sangasenze funso limenelo. N'kwapafupi kulembera Episkopi."

Ndekha anayang'ana zala zake, zimene zinatayipa masamba anayi aja. Anafunsa ngati iwo amayi anavomera ndi mtima wonse.

Amayi anasiya kupinda kansalu.

"Sindinafunsidwe. Amuna awiri anatsekerana mu ofesi ya wansembe, anakambirana, bambo ako anatuluka ali osangalala n'kundiuza kuti tapeza njira. Ndinaona mmene nkhope yawo inawalira, ndinalephera kukana. Ndinati ndikana mawa." Anayang'ana kuchitseko, kumene mawu a amuna awiri ankamveka chapansipansi. "Ndiye ndakuitanira zimenezi. Ndikudziwa zimene akumuuza mnzakoyo."

*

Chitseko cha pabalaza chinatseguka dzuwa lisanapendeke kwenikweni. A Tcheya anatuluka maso ali ofiira, koma nkhope itapepuka, mmene Ndekha anali asanaionere chibwerere kalata ya Apapa. Dzanja lawo linali paphewa pa Wamagetsi.

Anauza mwana wawo kuti sangamunamize, zimenezi si zimene ankamufunira. Koma anati akudziwa kuti akamuletsa apita basi, poti mutu ndi wa mayi ake, ndipo iwo sangathe kumuona atakhala pansi ena akukalandira. Anati khomo lakuseri la Apapa iwo salikhulupirira, ndipo sadzalikhulupirira. Njira yoona ndi imodzi, yolemera, koma anthu amaiyenda, ndipo iwo angachitire umboni.

"Ndamuuza munthuyu njirayo," anatero. "Wailandira. Akuti nyumba yake ili ndi zipinda ziwiri. Mawa ikatha Misa tikaonana ndi wansembe wa gulu lathu, mukalonjeze nonse awiri pamaso pake."

Anamugwira Ndekha pamutu, monga ankachitira ali wamng'ono, n'kumuuza kuti aperekeze mlendo.

Pakhonde panja, Wamagetsi anamasula tayi n'kupuma mwamphamvu. Anayamba kulankhula mothamanga. Anati sanayembekezere kuti ziyenda chonchi, kuti madalawo analira, kuti anamutcha mwana wawo. Anati anaona kuti akanena kuti ayi, atuluka m'nyumbamo yekha mpaka kalekale. Anamukumbutsa kuti analonjeza kuchita chilichonse kuti asamutaye. Anapisa m'thumba, natulutsa makiyi a nyumba ija, n'kumufumbatitsa.

Ndekha anayang'ana makiyiwo. Anali atatu pa kawaya kamodzi: wa chitseko cha panja, ndi awiri ang'onoang'ono.

"Mwavomera zoona," anafunsa, "kapena mwawanamiza?"

Ndipo Ndekha ali chidikirire, anazindikira kuti palibe yankho limene ankalifuna. Ngati anavomera zoona, ndiye kuti m'chipinda choyang'ana kum'mawa chija dzuwa lizidzadzutsa iye, yekha, pa bedi la munthu mmodzi. Ngati ananama, ndiye kuti mawa akalumbira bodza pamaso pa wansembe, ndipo Lamulungu lililonse azikagwada pambali pa bambo ake, amene analipira zaka 26 pa chinthu chimene iye akungochiba.

"Tikambirana," anatero Wamagetsi. "Chachikulu n'chakuti alola."

"Munakambirana kale," anatero Ndekha. "Ine ndinali kuchipinda."

Ndi pamene anamva chinthu choyamba m'masabata atatu. Chinayambira m'chikhatho, pamene mano a makiyi ankamubaya, n'kukwera mpaka pachifuwa, ndipo chinali kuwawa. Mwendo wadzanzi suvuta ukakhala chigonere, umavuta magazi akayamba kubwerera.

Windo la kakhonde kamkati linali lotsegula. Anamva mapazi a bambo ake, opepuka ngati a mnyamata, akupita kukauza akazi awo kuti apeza njira. Anaima pachitseko cha kumanja n'kugogoda.

"Odi."

Wamagetsi ankanenabe kanthu kena, koma Ndekha anamukwezera dzanja kuti akhale chete. Ankadikira mawu amene anawamva tsiku lililonse la moyo wake.

A Tcheya anagogodanso. M'chipindamo munali zii.